Ndinamuchotsa kachiwiri munthu woti sanachotsedwepo

Amene mwakhala mukundiimbira foni n'kumangoseka osanena kanthu, mayunitsi muli nawo ambiri, pitirizani. Amene mwayamba kundipatsa moni wa "Wawa a Rimuva" pa siteji, Mulungu akukuonani. Koma dzulo ndamva kuti ena akufotokoza zoti ndinatukwana gogo wachizungu mpaka anagonekedwa m'chipatala, ndiye ndati basi, ndiinene ndekha. Palibe anagonekedwa. Sindinatukwane munthu. Ndinangodina batani.

U-admin sindinaupemphe. Gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati wa mchemwali wanga analitsegula ndi a Tcheya mothandizidwa ndi mdzukulu wawo, kenako anandiika ine pa mpando chifukwa kuntchito kwathu kuli Wi-Fi. Ziyeneretso zinali zomwezo. Ndipo gulu limenelo linali ndi mbiri yake, musaiwale. Linki itangotuluka munalowa munthu wina wa chithunzi chotsamira galimoto, n'kulengeza mwaulemu kwambiri kuti nambala ya a Msungichuma yasintha, zopereka zizipita kwina. Amayi awiri a kumpingo anatumiza. Atachoka ameneyo munalowa wogulitsa mankhwala a mphamvu za abambo, amene ankagwira ntchito yake pakati pa usiku ndi zithunzi zomwe. Kenako amalume athu enieni, a magazi, anayamba kutumiza mavidiyo a ndale mbandakucha uliwonse, mpaka a Tcheya analamula kuti ndiwatulutse kaye akapume. Tinawabwezamo atalonjeza. Tsiku limenelo a Tcheya anandiuza pamaso pa komiti yonse kuti, "A admin, aliyense wokayikitsa musadikire msonkhano. Chotsani." Mawu amenewa pa tsiku la mlandu wanga aliyense anali atawaiwala, kuyambira eni ake.

Ndiye Lachiwiri usiku, magetsi atathima, ndili pakhonde ndikuthamangitsana ndi udzudzu, batire ili pa mzere wofiira, ndinangoona nambala yachilendo yalowa kudzera pa linki. Yoyamba ndi +44. Chithunzi chake mphaka. Osati munthu atanyamula mphaka, ayi, mphaka yekha, wonenepa, woyang'ana mwamwano. Pasanathe mphindi, uthenga wa azakhali a ku Manchester unagwa.

Azakhaliwa mukuwadziwa. Ndi nesi, anapita ku England zaka zoposa 20 zapitazo, anakwatiwa ndi mzungu, ndipo Chichewa chawo chimatuluka pa zinthu ziwiri zokha: popemphera ndi pokalipa. Zina zonse ndi Chingerezi. Analemba kuti:

"Please welcome my husband's cousin, once removed. She is from Blantyre and wants to help with the wedding."

Tsopano inu anzeru, amene lero mukuseka mpaka kugwira m'mimba, bwerani tiwerenge limodzi. Once ndi kamodzi, kapena kale. Removed ndi kuchotsedwa. Ine Chingerezi pa MSCE ndinapeza 4, imene ndi kirediti yabwinobwino, ndipo nonse mukudziwa kuti satifiketi imeneyo sapereka kwa munthu wolephera Chingerezi ngakhale masamu akhoze bwanji. Boma la Malawi limandizindikira kuti chiyankhulochi ndimachimva. Aphunzitsi athu a Fomu 1 analemba pa bolodi ndi choko choyera: remove, kuchotsa. Sanawonjezere kanthu. Ndiye chiganizo chija ine ndinachimva bwinobwino: landirani msuweni wa amuna anga, amene anachotsedwapo kale.

Anachotsedwa kuti? Chifukwa chiyani? Anaba zingati?

Umboni wina unali poyera. Akuti wa ku Blantyre. Ine ndili ndi anzanga ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Machinjiri, ndipo onsewo nambala zawo zimayamba ndi +265. Wa ku Blantyre uti wa +44? Akuti akufuna kuthandiza. Wa galimoto uja nayenso ankafuna kuthandiza. Komanso liwu limeneli pakamwa pa azakhali silinabwerepo ndi nkhani yabwino. Atabwera kutchuthi ulendo wina anatifotokozera za mnyamata wina amene mapepala ake anatha, akuluakulu a kumeneko n'kumugwira, n'kumusunga pa malo amene amawatcha Immigration Removal Centre, kenako n'kumukweza ndege. "He was removed," anatero azakhali akupukusa mutu, tonse n'kumva chisoni. Ndiye lero azakhali omwewo alembe liwu lomwelo, ine ndiganize za chibale?

Ndinaona zonse bwinobwino. Azakhali sangakane m'bale wa amuna awo poyera, banja n'kupirira. Ndiye amulowetsa, koma akunditsinzinira ine diso kudzera pa kakoma kaja, ka pakati pa cousin ndi once. Kakoma kameneko ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinamva kutentha pamtima poganiza kuti pa anthu oposa 80 a m'gululi, azakhali adziwa kuti pali mmodzi yekha womva Chingerezi cha pansi pa mawu.

Ndinadina pa mphaka. Panatuluka mndandanda, pansi penipeni pali Remove. Ndinadina. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Taganizani, foni, chinthu chopanda mzimu, inandipatsa mpata wolapa. Ndinatsimikiza. Kamzere kotuwa kanatuluka pakati pa gulu kuti aliyense aone kuti ndachotsa nambala ija.

Zikanathera pamenepo bwenzi lero ndikuyenda momasuka mu Area 25. Koma ntchito yabwino imafuna lipoti. Ndinalemba kuti:

"Twice removed now. Komiti ino si ya masewera. Zikomo azakhali potichenjeza."

Ndinaikapo ka emoji ka mkono wa minofu, ndi ka loko.

Gulu lonse zii.

Kenako pamwamba panalemba kuti azakhali akulemba. Ndinakhala tsonga kudikira chiyamiko. Akulemba, akulemba, asiya. Ndinati mwina akufuna liwu lamphamvu kuposa thank you. Ayambanso. Akulemba, akulemba, akulemba, nthawi yokwanira ndime zitatu, asiyanso, osatumiza ngakhale kadontho. Zinali ngati minibasi ya pa depoti imene ikuliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera m'mbuyo, kondakitala akulumbira kuti yatsala ya munthu mmodzi, koma osanyamuka. Kenako panalemba kuti akujambula mawu. Ndinati eya, zafika poti zala sizikukwanira, akufuna andiyamike ndi pakamwa. Ndinakonza kolala ya malaya, mumdima, ndili ndekha. Kujambula kuja kunatenga nthawi moti udzudzu wina unatera pa dzanja langa, unamwa, unakhuta, unapuma, n'kunyamuka ndikuuona, ine osaumenya kuopa kuphonya uthenga. Asiya. Palibe chafika. A Tcheya nawo anayamba kulemba, asiya. A Msungichuma, amene amagona nkhuku zikangolowa, anaoneka kuti ali pa intaneti. Ankhoswe, amene chilowereni m'gulu anali asanalembepo ngakhale Amen, anayamba kulemba. Anthu anayi akulemba nthawi imodzi, uthenga osatuluka ngakhale umodzi. Ine ndinati anthuwa achita kakasi ndi liwiro langa.

Woyamba kutumiza kanthu anali mwana wa achimwene, uja ali ku Chanco. Stika ya munthu akugubuduka pansi. Inanso. Inanso. Kenako voice note yopanda liwu ngakhale limodzi, kuseka kokhakokha, kutsokomola, kupuma, kuyambiranso, kumbuyo kukumveka anzake a m'chipinda akufunsa kuti tiwone, tiwone, kenako nawonso gwee. Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Ndinati mwanayu wasangalala kuti wakuba wagwidwa. Ndinayankha kuti, "Ndi ntchito yathu." Foni inathima pompo.

Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino kwambiri chaka chonsechi.

Anandidzutsa ndi mayi a kunyumba, kusanache bwino, foni yawo ili pamphuno panga. "Inu, dzukani. Mwachita chiyani?" Akafunsa motero amakhala akudziwa kale. Magetsi anali atayaka usiku, foni yanga itadzaza, ndipo itangotseguka inayamba kunjenjemera osaleka mpaka inayenda yokha pa tebulo. Pamwamba pa zonse panali voice note ya azakhali ya mphindi 9.

Chichewa chokhachokha. Chichewa cha ku Ntcheu chimene tonse tinkaganiza kuti chinatsala pa Heathrow. Munali mawu ena oti ndinawamva komaliza kwa agogo, tsiku limene mbuzi zinalowa m'dimba ine ndikusewera mpira. Anayamba ndi kundikumbutsa kuti ananditsukapo matewera, anadutsa pa fizi ya Fomu 3, n'kudzafika pa nkhani. Munthu ndinamuchotsayo ndi gogo wa zaka zoposa 80. Amakhaladi ku Blantyre, koma Blantyre ya ku Scotland, kufupi ndi Glasgow, kumene kunabadwira David Livingstone mu 1813, kumene Blantyre yathuyi inatenga dzina. Zimenezi tinaphunzira ku pulayimale, ndikuvomera, koma palibe mphunzitsi anatiuza kuti kumeneko kukadali anthu mpaka lero, ndipo ali ndi mafoni. Ali mtsikana gogoyu anadzaphunzitsa pa sukulu ina ya mishoni kuno m'zaka za m'ma 1960, ndipo dziko lino salitchula osagwetsa msozi. Atamva kuti kubanja la azakhali kuli ukwati, anati iye alipira holo ndi keke. Mapaundi 600.

Apa ndinaimitsa kaye, ndinamwa madzi.

WhatsApp anamuikira ndi mdzukulu wake sabata yomweyo, chifukwa cha ukwati wathu womwewu. Gulu lathu linali loyamba pa moyo wake wonse. Ndipo pa nthawi imene ine ndinkakambirana ndi kakoma, gogoyo anali atavala magalasi, akulemba moni wa Chinyanja ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi. Anali atafika pa "Moni abale onse a" pamene foni inamuuza kuti sangatumize uthenga chifukwa salinso m'gululi. Anaimbira azakhali kufunsa ngati walakwitsa sipelo.

Ndinati palibe vuto, chochotsedwa chimabwezedwa. Ndinasunga nambala ija, ndinadina Add. Yakana. Mdzukulu uja anatchera foni ya agogo ake kuti munthu amene sali m'mabuku mwawo asamawalowetse m'magulu, zimene kunena zoona ndi nzeru. Chimene ndikanatha n'kutumiza kapepala kowaitana kumbali, kamene kamagwira ntchito masiku atatu okha. Ndinatumiza. Azakhali anawapatsanso linki, koma linki simulola munthu amene admin wamuchotsa. Ndinalemba kumbali, Chingerezi chaulemu, chokhala ndi kindly kawiri. Mizere iwiri inasanduka yabuluu. Yankho kulibe. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mdzukulu anawalangiza kuti akaona nambala yachilendo ya kunja, makamaka ya mwamuna wolemba mwaulemu kwambiri, asadine chilichonse. Ndipo chithunzi changa pa WhatsApp, amene muli ndi nambala yanga mukuchidziwa: ndatsamira galimoto ya abwana. Gogoyo anayang'ana chithunzicho, anayang'ana +265, n'kuika foni mu kabati kudikira mdzukulu, amene amabwera Lamlungu. Kapepala kanga kanafa Loweruka.

Ena mwa inu mwandifunsa kuti bwanji sindinangowapatsa azakhali u-admin kuti amulowetse okha, popeza iwo ali m'mabuku mwake. Funso labwino. Koma amene munamva voice note ija ndiuzeni ngati munthu ali mumkhalidwe umenewo mungamupatse batani lochotsera anthu.

Lamlungu masana tinakumana pakhonde pa a Tcheya. Pa ajenda, nambala 1 pemphero, nambala 2 "nkhani ya a admin". Za mpunga, za DJ, za nsalu, zonse zinakankhidwira pansi. Anthu amene chiyambireni sanabwerepo ku msonkhano, amene ngakhale pleji yawo sanaperekeko kobiri, tsiku limenelo anafika nthawi isanakwane, ena ndi mipando yawo. Mwana wa achimwene anachoka ku Zomba dala, ati kudzathandiza komiti, thiransipoti n'kulipiritsa komiti yomweyo.

Mwanayo anatenga kalendala yakale, anaitembenuza, anajambula timabokosi. Anati kwa azungu cousin ndi aliyense amene mumagawana naye agogo, kaya ndi mwana wa amalume, wa azakhali, wa bambo aang'ono kapena wa mayi aakulu, onse thumba limodzi. Ameneyo ndi first cousin. Mukagawana agogo a makolo anu, ndi second cousin. Tsono removed ija ndi yowerengera masitepe a mibadwo. Munthu akakhala cousin wa bambo ako, ali sitepe imodzi pamwamba pako, ndiye once removed. Mwana wa cousin wako nayenso ndi once removed, sitepe imodzi pansi. Gogo uja ndi cousin wa apongozi aamuna a azakhali. Anawonjezera, popeza fizi yake iyenera kuoneka ntchito, kuti liwulo linachokera ku Chilatini, ndipo kumeneko tanthauzo lake ndi kusuntha chinthu n'kuchiika patali. Ndiye gogoyo sanathamangitsidwe kulikonse. Anangotalikira ndi sitepe imodzi.

Khonde lonse linayang'ana kalendala ija mwakachetechete. Amalume a mavidiyo aja ndi amene anayamba.

"Iwe, tadikira. Mayiyu ndi bambo a mzungu wathu uja ndi pachibale?"

"Eya, agogo."

"Ndiye kwa mzungu wathuyo si azakhali ake amenewa?"

"Kwathu kuno tikhoza kutero."

"Nanga osangonena kuti azakhali bwanji? Munthu wamkulu ngati ameneyo n'kumamutchula msuweni, kenako n'kumuchotsanso?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Amayi ena anati azungu ulemu alibe. Ndinaona kuti mphepo yatembenuka, ndinaimirira.

Ndinati a Tcheya, ankhoswe, makolo nonse, vuto si ine. Vuto ndi umphawi wa Chingerezi. Ife nsapato timavula. Dzino timazula. Mphika timaphula. Ufa timayanula. Nkhuku timasosola, nthochi timasenda, chikwangwani timamatula, zolemba pa bolodi timafufuta, katundu pamutu timatula. Chilichonse chili ndi liwu lake, moti munthu ukamva kuti phula sungathamangire ku dzino. Mzungu zonsezi akhoza kungoti remove, n'kupita. Utoto wa m'zikhadabo, remover. Banga pa malaya, remover. Nduna ikachotsedwa pa mpando, removed. Munthu akakwezedwa ndege mokakamiza, removed. Ndiye liwu lotopa kale chonchi, lonyamula katundu wa mawu khumi, akaliunjikenso chibale pamwamba? Ife amene mwana wa bambo aang'ono timangoti achimwene, osawerenga masitepe, tilakwe ndife?

Pamenepo ndinali nditatenthedwa, ndipo munthu ukatenthedwa umanena zambiri. Ndinati ngakhale ankolo achizungu omwewo, azakhali anatiuza kalekale kuti amagwira ntchito ya removals, ndiye banja lonselo ndi lochotsa anthu, ine ndikanaganiza chiyani?

Mwana uja anaika kalendala pansi. "Bambo aang'ono, mukuganiza kuti ankolo amagwira ntchito yanji?"

Ndinati aliyense akudziwa. Amagwira anthu opanda mapepala.

Removals, abale anga, ku Britain ndi ntchito yosamutsa katundu. Munthu akamasamuka nyumba amaitana a removals, amabwera ndi chilole, amanyamula mabedi ndi mafiriji. Ankolo aja amanyamula masofa. Ine zaka zonsezi akabwera kutchuthi ndimawapatsa moni ndi manja awiri, maso pansi, ndipo ulendo wina mnzanga wina amene anabwerako ku Leeds mosadziwika bwino ndinamubisa kubafa mpaka iwo atachoka. Izi sindinafune kuzinena pa msonkhano. Zinangotuluka. Mnzangayo analipo pakhondepo, ndipo anatsimikiza kuti m'bafamo munali motentha.

Kuseka kutatha, ndinayesa khomo lomaliza. Ndinatenga kalendala ija, ndinawerenga masitepe ndi chala. Ndinati ngati gogoyu ali sitepe imodzi pamwamba pa ankolo, ndiye kwa ana a azakhali, asuweni anga, ali masitepe angati? Mwanayo anayang'ana, anakanda mutu, n'kuvomera monyinyirika kuti awiri. Twice removed. Ndinati zikomo. Ndiye chimene ndinalemba pa gulu chija chinali cholondola, kungoti ndinayankhula m'malo mwa asuweni anga. Mfundo imeneyi mpaka lero ndimaiona kuti ndi yamphamvu. Palibe anaomba m'manja.

Ankhoswe anakonza kukhosi. Anati safunsa anadya phula. Anadikira kuti ilowe. Anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. A Msungichuma anati kalumo kake ndi ka mapaundi 600, ndipo anatsegula kope n'kuwerenga ndalamayo m'makwacha kawiri, koyamba pa mtengo wa kubanki, kachiwiri pa mtengo winawo umene tonse timaudziwa koma sitiutchula pamaso pa abusa. Atatchula nambala yachiwiriyo mayi wina anati "Yesu" chapansipansi, ndipo anthu amene ankagwirizana nane pa nkhani ya umphawi wa Chingerezi anasuntha mipando.

Chigamulo sichinachedwe. Mwana wa achimwene anati m'malamulo aakulu a dziko lino muli gawo 86, limene mutu wake ndi removal from office, ndipo kuti pulezidenti achotsedwe pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu. A Tcheya anati pano sitiwerenga, aliyense akuona yekha. Amene anatsekera mfundoyo ndi amalume. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, n'kunena kuti, "Ine ndiye once removed weniweni pabanja pano, ndipo anandichotsa ndi yemweyu." Anandiuza kuti ndiwapatse azakhali u-admin ndi dzanja langa. Ndinawapatsa. Ku Manchester anali akudikira ndi chala m'mwamba, chifukwa sindinabweze n'komwe foni m'thumba pamene inandiuza kuti sindinenso admin. Gogo uja analowa m'gulu mphindi yomweyo, mphaka wake ali patsogolo.

Chindapusa chinali kreti ya zoziziritsa kukhosi ndi kupepesa pa foni, pa sipika, anthu onse akumva. Izi ndinali nditaziyembekezera, ndiye m'thumba ndinali ndi pepala. Ndinalilemba usiku wa Loweruka ndi dikishonale pambali. Linayamba ndi "Dear Madam, I deeply regret the unfortunate removal", ndipo munali mawu ena oti ngakhale aphunzitsi anga a Fomu 4 akanaimirira.

Azakhali analumikiza foni. Kunamveka kukhosomola, kenako mawu aang'ono, onjenjemera pang'ono.

"Moni, mwana wanga. Kodi muli bwino? Ndi inu amene munandipirikitsa?"

Chinyanja. Chinyanja cha m'Baibulo lakale, choyera, chonena liwu lililonse mpaka kumapeto. Gogoyu anachoka kuno chisanafike chaka cha 1968 pamene chiyankhulochi chinasinthidwa dzina kukhala Chichewa, ndiye iye amachitchabe Chinyanja, ndipo anachisunga mmene anachitengera, osachisakaniza ndi kanthu. Ine maso anali kale pa pepala, pakamwa patakonzekera Chingerezi, ndipo ubongo unakana kusintha giya. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "I am fine, madam, and how are you?"

"Ndili bwino ndithu. Musadandaule, palibe mlandu."

"Thank you, madam. I deeply regret."

Kunakhala kachete pang'ono. Kenako gogoyo anafunsa azakhali, mokoma mtima, mwachisoni chenicheni: "Kodi mnyamatayu sadziwa Chinyanja?"

A Tcheya anagwa pa mpando. Sindikukokomeza, mpando wa pulasitiki unatseguka miyendo, iwo n'kupitiriza kuseka ali pansi. Ankhoswe, munthu woti pa maliro ndi pa ukwati nkhope imakhala imodzimodzi, anatuluka kukaseka kuseri kwa nyumba. Amalume anayankha m'malo mwanga, mofuula kuti zimveke ku Scotland, kuti, "Sadziwa, mayi! Chingerezinso sadziwa!"

Gogoyo anati pa zaka zake zonse sanachotsedwepo pa chilichonse, ngakhale mu kwaya imene aliyense amadziwa kuti amaiwononga, ndiye anasangalala kuti zamuchitikirako asanafe. Anati anafotokozera anzake onse kutchalitchi m'mawa womwewo. Mdzukulu wake anasindikiza uthenga wanga uja pa pepala, ndi ka mkono ka minofu komwe, ndipo anaumata pa firiji. Ndiye amene mukuti nkhaniyi yafika ku Mchinji, dziwani kuti Mchinji ndi pafupi.

Ndalama inabwera, holo inalipiridwa, keke inali ya nsanjika zitatu. Ine komiti inandipatsa ntchito yochotsa mbale pa matebulo ndi kubweza mipando, ati zikugwirizana ndi luso langa. Pa perekaniperekani MC, amene wina anamuuza zonse, anaitana a kuchimuna, a kuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, kenako anati tsopano onse amene anachotsedwapo pa gulu abwere kutsogolo. Amalume anavina okha nyimbo yonse, akuponya ma K50 limodzilimodzi, akundiloza ine ndili ndi beseni la mbale. Keke sindinalaweko, inatha ndili kumpopi.

Gululo likadalipo, anthu akukana kulitseka. Gogo amatumiza mphaka Lamlungu lililonse ndipo anthu 80 amayankha kuti Amen. Amalume ayambiranso mavidiyo a ndale, admin watsopano sakuwakhudza, ine sindinena kanthu.

Koma pa kreti ya chindapusa ija mabotolo atatu sanabwerere, ndipo wa golosale akufunsa ine. Amene munapita nawo kunyumba, bwezani.